Nkhoswe ya M'kabati

Tidafika Lolemba pa kabaza awiri,
ine ndi Abiti Wadi, bokosi la zida pamiyendo,
kukachipatala kakang'ono kuseri kwa M'baluku.
Dzuwa la Okutobala lidali litalowa kale m'malata.
Atatsegula kachipinda ka makina
Abiti adangogwira pakamwa.

Nthambo zidali zitakolana ngati kholowa wosapalira,
zina zikutsika kudenga,
zina zikutuluka pabowo la makoswe,
zonse zotuwa, zonse nkhope imodzi,
zitathithikana m'kamwa mwa switchi.
Amene adazimanga adapita ku Joni chaka chatha,
mapu onse ali m'mutu mwake,
foni yake siyilira.

Kompyuta ya ku famase idali itatseka pakamwa,
odwala pamzere akudzikupiza ndi timabuku tawo.
Ndidazula nthambo imodzi kuti ndione,
ku labotale wina adakuwa.
Ndidabwezera, n'kuzula ina,
kalaliki Twaibu adatulukira thukuta lili kamukamu:
"Mwandiphera malipiro a mwezi wonse!"

Abiti sadandikalipire.
Adasolola m'katoni chitsulo chakuda, chachitali ngati mkono,
cha timakomo makumi awiri ndi tinayi,
kalikonse ndi nambala yake pamphumi.
"Ichi ndi pachipanelo.
Sichidya magetsi, sichiphethira, sichiganiza.
Ndi nkhoswe chabe:
a kuchimuna akhale uko, a kuchikazi uku,
nkhani idutse mwa iye."

Masiku atatu tidalondola nthambo imodziimodzi.
Ine m'denga, ndikukwawa pa ndowe za mileme,
iwo pansi ndi kachipangizo kolira ngati nkhululu.
"Yapezeka! Ya kwa anamwino!"
Ndipo ankaisenda khungu,
timitsempha tisanu ndi titatu n'kuonekera,
talalanje, tobiriwira, tabuluu, takhofi,
n'kutikhomerera kumbuyo kwa chitsulo chija,
khe, khe, khe,
kuti nthambo yaitali yoyenda m'khoma
ifike, ikhale pansi, isadzakokedwenso.

Kutsogolo tidaikako tifupitifupi.
"Ofuna kusintha asinthe iti," adatero.
"Kakatha, kagule kena, n'kotchipa.
Koma ya m'khoma ikaduka
ukaswa pulasitala mpaka kuchipinda cha azamba."

Ndidalemba ndi dzanja langa lonjenjemera:
wani, polembetsa;
thuu, famase;
seveni, Twaibu ndi ndalama zake.
Pa naini ndidalakwitsa, n'kufufuta ndi malovu,
banga lilipobe.
Pepala lina tidamata kuseri kwa chitseko cha kabati
kuti ife tikadzapita kwathu, kapena ku Joni, kapena kumanda,
wobwera asadzayambe n'kuombeza.

Lachinayi madzulo, mwazini akuitana ku Mpondasi,
Abiti adapukuta manja pa chitenje,
naima chapatali kuyang'ana.
Nthambo zidali zitagona m'mizere
ngati tsitsi lomangidwa dzulo.
Sadanene kuti zakongola.
Adangoti, "Tola zinyalala, tizipita."

Patatha miyezi isanu foni idalira ndili ku Namwera,
mvula ikugwa, minibasi palibe.
Twaibu: "Yafanso."
Ndidati, tsegulani kabati,
pezani seveni,
kanthambo kakafupi ako kakankheni mpaka kalire.
Ndidamva mapazi, kiyi, kupuma kwake,
kenako kuseka.
"Basi? Zomwezi?"
Zomwezo.

Sadathokoze chitsulo chija, ndipo sindimuda.
Ndani amaima pamlatho wa Shire
kuuthokoza kuti wamuolotsa?
Timangopalasa njinga, maso ali kutsidya.
Koma ine ndikadutsa pa kachipatala kaja
ndimadziwa kuti mumdima wa m'kabati
muli nkhoswe yosalankhula,
yagwira mbali ziwiri,
ikukumbukira dzina la chipinda chilichonse,
ngakhale la naini, lomwe ndidalemba mokhota.